Lalanje la Malemu Apongozi Anga

Kumudzi kuno dzina langa lenileni linatha ntchito kalekale. Mukafika ku Chintheche, n'kukwera kumtunda kwa msewu, n'kufunsa kuti kwa aNyaViswaswa ndi kuti, aliyense akulozerani asanamalize n'kuseka komwe. Viswaswa m'chilankhulo cha kuno ndi zinyalala. Akandiitana choncho ndimavomera, chifukwa dzina lomwe unaligwirira ntchito ndi manja ako sulikana.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, komwe dothi ukalithirira lero limakumbukirabe mawa. Kuno ndinabwera ndi ukwati. Tinakhala ku Lilongwe zaka zambiri, kenaka amuna anga atapuma ntchito anati tibwerere kwawo, pafupi ndi amayi awo. Abale anga atamva kuti ndikukakhala kunyanja anandichitira nsanje, ati mavuto a madzi ndatsanzikana nawo. Sadziwa kuti nyanjayo timangoionera patali ngati ndiwo za eni. Nyumba zathu zili pachitunda, madzi timatunga pamjigo, ndipo ikafika Okutobala mjigowo umatulutsa madzi monyinyirika. Pansi ponse ndi mchenga. Ukathira ndowa yathunthu, usanatembenuke n'komwe pauma kale.

Pabwalo pa apongozi anga aakazi, aNyaManda, omwe timakhala nawo bwalo limodzi, panali kamtengo ka lalanje kondilekeza m'chifuwa. Anakadzala ndi malemu apongozi aamuna, dzinja lawo lomaliza. Bambowo sindinawadziwe kwambiri. Zomwe ndimakumbukira n'zakuti sankaseka pachabe, ndipo ukawapatsa tiyi ankayamba anena chomwe chaperewera asanamwe. Mbandeyo anachita kukaitenga kutali, n'kumauza aliyense kuti malalanje ake adzatsekemera kuposa a pamsika. Sanawalawe. Kamtengoko kanatsala, kali ndi kamfundo konga bondo chakumunsi kwa thunthu, ndipo apongozi aakazi anakasandutsa ntchito yawo ya m'mawa uliwonse: kusesa mozungulira, kuthirira, n'kukauza nkhani za pamudzi. (Sindikunama. Ndinawamvapo akukafotokozera za yemwe wakwatiwa ndi yemwe wathawa ukwati.)

Za kusesazi ndifotokozeko pang'ono, poti ndi pomwe panagona nkhani. Kuno bwalo ndi nkhope ya mkazi. Usanasukusule umayamba wasesa, ndipo tsache lizisiya mizere yake pamchenga, kuti wodutsa aone kuti pakhomo pano pali munthu. Tsamba limodzi likagona pabwalo mpaka dzuwa kukwera, anthu amayamba kufunsana ngati kunyumbako kuli matenda. Zosesazo amaziunjika kuseri n'kuziwotcha.

Chaka china, dzuwa litangoyamba kuluma, mlamu wanga wa ku Mzuzu anali wotopa, mwana wake woyamba, ndipo apongozi ananyamuka kukamudikirira. Chikwama chili kale pamutu, anandiitana pafupi ndi kamtengo kaja.

"Amkamwana, zinthu ziwiri basi. Pabwalo pasagone viswaswa. Ndipo mtengo wa ada usaume."

Kuno mkamwana ndi mkazi wa mwana wako, ndipo ada ndi bambo, momwe ankatchulira malemu amuna awo. Ndinati asadandaule. Ndinanena mopepuka, ngati munthu amene wauzidwa kuti aziyang'anira mphaka.

Masiku oyambirira ndinkachita monga ankachitira eni ake, ndowa m'mawa, ndowa madzulo. Koma dzuwa linkangolimbirabe, ndipo likafika paliwombo masamba a lalanje ankapindika ngati akumva kuwawa. Kumjigo nako zinthu zinavuta. Mzere unatalika, madzi anachepa, ndipo amayi anzanga anayamba kundiyang'ana ndi diso lina akamva kuti ndowa iyi ndi ya mtengo, pomwe kwawo ana sanasambe.

Apa m'pomwe ndinakumbukira za kwathu. Ku Dedza bedi la ndiwo kudimba timaliphimbira ndi udzu, m'munda timayala mapesi, kuti dzuwa lisamwe madzi a mbewu. Palibe chachilendo, ngakhale mwana amadziwa. Ndinauza amuna anga kuti ndikufuna kuphimbira lalanje lija. Anali akumvera mpira pawailesi. Anangoti amayi awo sakonda zinyalala, koma zili ndi ine. Mawu akuti "zili ndi inu" amuna amawakonda, chifukwa tsiku la mlandu amakhala kuti iwo kunalibe.

Udzu unali utasowa, wina utamwetedwa kufolerera nyumba, wina utapsa ndi moto wolusa. Ndiye ndinatenga masamba a mango omwe ndinasesa m'mawawo, m'malo mowawotcha ndinawayala pansi pa lalanje, n'kuthirira, n'kupita kumjigo mtima uli m'malo.

Pobwera ndinaona utsi. Masamba anga onse anali phulusa kuseri kwa khitchini, pansi pa lalanje pali mbee, mizere ya tsache yokongola kuposa yanga. Pambali panaima aNyaChirwa, akazi a bambo aang'ono a amuna anga, omwe nyumba yawo imayang'anizana ndi yathu. Ndi munthu wabwino mtima, koma maso awo saphonya kanthu.

"Yewu, amkamwana. Ndaona kuti ntchito yakuchulukirani. Viswaswa vosi ndawotcha."

Ndinathokoza ndi yewu yemweyo, poti kuno mawuwo ndi moni komanso ndi zikomo. Mukanakhala inu mukanatani? Kenaka ndinawafotokozera pang'onopang'ono kuti masambawo ndinawaika dala, kuti azisunga chinyontho. Anamvetsera mwaulemu monga timamvetserera mwana akamafotokoza maloto, ndipo nditamaliza anangofunsa ngati kwathu ku Dedza kulibe njoka.

Mawa lake ndinayalanso masamba ena, ndipo aNyaChirwa sanawakhudze. Inawakhudza ndi mphepo ya kunyanja. Inawanyamula onse n'kukawamwaza pabwalo pawo pomwe anali atangosesa. Iwo sanadandaule. Anawasesa bwinobwino n'kudzawaunjika pamalire penipeni pa mabwalo athu, kamulu kozungulira bwino, n'kulowa m'nyumba. Kamulu kameneko kanandiuza zonse zomwe eni ake sanafune kunena.

Ndinaona kuti pafunika chinthu cholemererako. Pali wogula usipa wina wa ku Mangochi amene amadutsa kuno ndi kagalimoto kake, ndipo ndinamupempha kuti akamachokera ku Limphasa andinyamulireko mankhusu a mpunga kuchigayo. Kumeneko amangotayidwa. Munthuyo ndi wowolowa manja, ndinapempha thumba limodzi koma anatsitsa mulu woti ukanaphimbira dimba lonse. Ndinayala ena pansi pa lalanje, n'kuthirira, n'kuima chapatali kusirira nzeru zanga.

Chomwe sindinaganize n'chakuti m'mankhusu mumatsalira timpunga tosweka. Ine sindinkationa, koma nkhuku zinationa. Sindinkadziwa kuti mudzi wathu uli ndi nkhuku zambiri chotero. Zinabwera zathu, za aNyaChirwa, za kutsidya kwa msewu, ndi abakha omwe mpaka lero sindidziwa kuti anali a yani. Zinapalasa mankhusu, zitamaliza zinapalasa mchenga, mpaka timizu ta lalanje tinaonekera poyera. Ndinakhala tsiku lonse ndi kabango m'manja ndikuingitsa, ine mayi wa ana akuluakulu. Eni nkhuku akamadutsa ankandithokoza, ati ziweto zawo zayamba kuoneka bwino.

Apa munthu wanzeru akanasiya, kapena akanaimbira foni apongozi n'kufunsa. Ine ndinapita kumjigo, ndipo ndili pamzere nzeru inandigwera, ija imabwera yonse nthawi imodzi mpaka kumadzidabwa wekha. Vuto langa linali lakuti zophimbira zikaonekera, anthu amasesa, mphepo imaulutsa, nkhuku zimapalasa. Nanga bwanji osazibisa? Ndiyale mankhusu, pamwamba pake ndithire mchenga, ndisese. Pabwalo paoneke poyera, pansi pakhale chinyontho, malamulo onse awiri a apongozi asungike. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinkaona kuti mwambiwo sunakumane ndi munthu ngati ine.

Ndinayamba tsiku lomwelo. Ndinathira mankhusu onse otsala, poti panalibe kwina kowasunga. Ndinakapemphanso makoko a chinangwa kwa amayi omwe ankasenda choviika cha kondowole, kuti akawola akhale manyowa. Anandipatsa, koma ndikuchoka ndinamva kuti macheza aima. Zonsezi ndinaziunjika mpaka kuthunthu, kukwirira ndi kamfundo kaja komwe, poganiza kuti chofunda chikachuluka sichilakwa. Mbali ina kunali njira ya kukhitchini, mbali inayo thandala la mbale, ndiye muluwo sunathe kuzungulira. Unatuluka wautali. Ndinauthira mchenga, n'kuusalaza ndi kumbuyo kwa khasu, n'kusesa pamwamba pake mizere yabwino.

Nkhuku zochepa zouma mutu zinayamba kukumba m'mphepete, ndiye ndinatola miyala n'kuindandalika mozungulira. Kenaka ndinaona kuti ndikathira madzi ndi ndowa mchenga ukukokoloka, mankhusu n'kumasuzumira. Ndinapeza kuseri mphika wakale wadothi wobooka pansi, ndinaukhazika kumutu kwa muluwo, pafupi ndi thunthu, kuti ndizithiramo madzi azidontha pang'onopang'ono.

Tsopano yerekezani kuti mwaima panjira mukuyang'ana pabwalo pathu. Mulu wamchenga wautali, wosalazidwa, wosesedwa, wozunguliridwa ndi miyala, mphika wobooka kumutu kwake, pansi pa mtengo wa munthu amene anamwalira. Inu mwaona kale. Ine, amene ndakulira pafupi ndi manda akale a kwathu, komwe pamitumbira pamakhala mbale ndi miphika yobooledwa, sindinaone kanthu. Ndinkaona ulimi.

Chopweteka n'chakuti zinagwira ntchito. Masamba anatambasuka, anabiriwira, dzuwa la masana linaleka kuwapinda. Kumjigo ndinachepetsako maulendo, poti madzi otsukira mbale okha ankakwanira. M'mawa uliwonse ndikasesa ndinkagwada pamuluwo, n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono kuti ndimve kuzizira kwa mkati, n'kumwetulira ndekha. Ndinali nditatengeranso khalidwe la apongozi lolankhula ndi mtengo. Ndinkanong'ona tinthu tachabe, monga kufunsa ngati wamwa, wakhuta. (Ndinkalankhula Chichewa cha kwathu, motsitsa mawu. Wakumva ali kutsidya kwa bwalo sakanadziwa kuti ndikufunsa za madzi.)

Zizindikiro zinalipo, ine ndi amene ndinkaziwerenga chozondoka. Anthu omwe ankadutsa pabwalo pathu popita kunyanja anayamba kulambalala. ANyaChirwa analeka kudzapala moto. Kumjigo ndikangofika, amayi ankapatuka n'kundiuza kuti nditunge kaye, ndipo ine ndinkati potsiriza andilandira ngati mnzawo. Amuna anga nditawafunsa pambuyo pake ngati sanaone cholakwika, anati anaona, koma ankaganiza kuti ndi za kwathu ku Dedza, ndipo sanafune kulowerera miyambo ya eni.

Apongozi anafika Loweruka lina masana, mosadziwitsa. Mwana ku Mzuzu anali atangobadwa kumene, mchombo usanagwe n'komwe, ndipo ine ndinkadziwa kuti atsala ndi milungu ingapo. Ndinali pakhonde ndikusankha nyemba pomwe ndinawaona akukwera chitunda, chikwama chili pamutu. Pambali pawo panali bambo aang'ono, amuna a aNyaChirwa, omwenso ndi mkulu wa mpingo, Baibulo kukhwapa, khasu paphewa. ANyaChirwa ankabwera kumbuyo. Chapatali kunali anthu ena ambiri omwe mwadzidzidzi anali ndi zochita pafupi ndi bwalo lathu.

Ndinathamanga kuti ndilandire chikwama, koma apongozi anandipitirira n'kukaima pamulu paja. Anauyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. (Taonani, nanenso ndayamba kunena kuti kumutu ndi kumiyendo.)

"Amkamwana, pansi apa mwakwirira chiyani?"

"Mankhusu, ama."

"Mankhusu."

"A mpunga. Ndi makoko a chinangwa."

Bambo aang'ono anatsokomola, n'kuyamba kufotokoza mofatsa, maso ali pansi. Anati anthu akhala akulankhula. Ena akuti ndakwirira mankhwala oti pakhomo pano mawu akhale anga. Ena akuti pali china chomwe chinafa chomwe sindikufuna kuti chidziwike. Enanso akuti m'mawa uliwonse ndimagwada n'kumaitana malemu m'chilankhulo cha kwathu, dzanja lili m'dothi. Iwo monga mkulu wa mpingo sakhulupirira ngakhale chimodzi mwa zimenezi, anatero, ndipo anabwereza kawiri. Koma khasu anali atabwera nalo.

Ndinafuna kuseka, ndipo ndinasuntha kukaima pomwe anaima apongozi kuti ndiwalozere bwino momwe madzi amayendera. Nditaima pamenepo ndi pomwe ndinauona. Unali mtumbira. Sunali wofanana ndi mtumbira, unali mtumbira weniweni, wosamalidwa bwino kuposa yambiri ya kumanda. Ndinachita manyazi omwe sindinachitepo chibadwire. Mayi wamasiye anasiya mdzukulu wa masiku ochepa, n'kukwera minibasi ulendo wonsewo, atauzidwa pafoni kuti mpongozi wake waumba manda pansi pa mtengo wa mwamuna wake. Ndipo omuuzawo sananame.

Bambo aang'ono anapemphera mwachidule, n'kuika Baibulo pathandala, n'kuyamba kukumba. Khasu loyamba linatulutsa mankhusu akuda, onyowa, ofuka nthunzi. Lachiwiri linatulutsa makoko a chinangwa, ndi fungo longa la masese ogonera. Anthu aja anasendera pafupi, makosi atatalika. Anakumba uku, anakumba uko, osapeza nyanga, osapeza fupa, osapeza ngakhale kansalu kofiira. Pankhope zambiri ndinaona kukhumudwa. Wina kumbuyo anayamba kuseka, ena n'kulandira, ndipo mtima wanga unayamba kubwerera m'malo. Ndinafika potapa mankhusu odzaza dzanja n'kuwafinya pamaso pa aNyaChirwa kuti aone madzi akudontha, mwezi umene mchenga umawotcha mapazi. Ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu mawu owakhululukira onse.

Apongozi sanaseke nawo. Anatula chikwama, n'kugwada, n'kuyamba kuchotsa mankhusu a pathunthu ndi manja. Atafika pakamfundo kaja anaima. Khungwa linali lakuda, lofewa, ndipo atangolikhudza ndi chala linasendeka ngati la mbatata yophika. Pansi pake panatuluka chiswe, chambiri, chonenepa, chothamangira uku ndi uku. Chinali chitazungulira thunthu lonse. Masamba obiriwira omwe ndinkanyadira aja anali otsanzika chabe.

Kuseka kunatha. Anthu anakumbukira kuti anali ndi kopita. Apongozi anakhala chigwadire kanthawi, kenaka anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana, osati mwaukali.

"Ndinati usaume. Kuuma sunaume cha. Mwauwoletsa."

Anapempha tsache. Ndinati ndisese ndine, anakana. Anasesa okha mankhusu onse, miyala anaitaya kuseri, mphika uja anaubweza pomwe ndinautenga. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, munthu umalira n'kupepesa zikatha. Koma kuima pakhonde n'kumaonerera mayi wachikulire akusesa zinyalala zako pansi pa mtengo wa mwamuna wake, zimenezo zinandipweteka kwambiri, ndipo sindinapeze poika manja.

Masamba anachita chikasu, n'kuyoyoka, ndipo lililonse likagwa ankalisesa lisanazizire. Panatsala kamtengo kouma ngati ndodo. Apongozi sanasiye kuthirira. M'mawa uliwonse ankathira ndowa yawo pandodopo, kungoti nkhani analeka kuiuza. Madziwo ndinkatunga ndine, osatumidwa, ndipo kumjigo ndinabwerera kumapeto kwa mzere monga kale. Dzina la aNyaViswaswa linabadwa masiku amenewo. Sindinafufuze kuti analiyambitsa ndani, ngakhale nyumba yake ndimaiona tsiku ndi tsiku ndikangotsegula chitseko.

Mvula itagwa, m'mawa wina ndinamva akundiitana ndi mawu omwe ndinali ndisanawamvepo. Ndinatuluka ndi chipande m'manja. Anali atagwada pomwe paja, akuloza. Kumunsi kwa kamfundo, pafupi ndi dothi, panatuluka timphukira tiwiri tofiirira.

"Zani muone. Ada sanapite."

Ndinasangalala kuposa iwo, ndikuganiza, poti ine ndinali ndi mlandu. Tinadula chouma chija, mphukira imodzi tinaisiya, ndipo inakula mwaliwiro lodabwitsa, ngati ikufuna kubweza nthawi yomwe inatayika. Inali ndi minga zikuluzikulu zomwe sindinkazikumbukira pakamtengo koyamba kaja. Amuna anga tsiku lina anaziyang'ana nthawi yaitali, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kubwerera kuwailesi yawo.

Chilimwe chotsatira sindinayesenso nzeru zanga, ndowa m'mawa, ndowa madzulo. Koma dzuwa litafika poipa, ndinadzuka tsiku lina n'kupeza pansi pa mtengowo payalidwa udzu wouma, wopsinjidwa ndi mitengo ya chinangwa kuti usauluke. Pakati pa udzu ndi thunthu anasiya mpata wolowa chikhatho, ndipo m'mphepete mwake munali mosesedwa mozungulira bwinobwino. ANyaChirwa atafunsa, apongozi anati malemu ankatero kalekale, asanabwere anthu ena. Ine ndinali pomwepo ndikutsuka mbale. Ndinapitiriza kutsuka.

Panapita zaka mtengowo usanachite maluwa, ndipo chaka chomwe unabereka, apongozi ankawerenga zipatsozo ndi maso m'mawa uliwonse. Tinadikira kuti zipse. Zinakula, koma khungu lake linali lokhakhala, la zitundazitunda, ndipo mtundu wake sunkafika pomwe timadziwa. Tinkauzana kuti ndi mtundu wa kutali, paja malemu anachita kukautenga.

Tsiku lothyola anatiitana tonse pakhonde, ine, amuna anga, bambo aang'ono ndi aNyaChirwa. Anatsuka chipatso choyamba, anachidula ndi mpeni wawo wa kukhitchini, ndipo chidutswa choyamba anapatsa ine, ati poti ndine amene ndinasenza madzi. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuluma.

Mano onse anayayamira. Nsagwada zinakana kutseguka, diso limodzi linatsinzina lokha. Linali ndimu, ndimu lenileni, lija lowawasa mpaka kumsana.

Apa m'pomwe amuna anga anatulutsa zomwe anameza zaka zonsezo. Anati bambo awo anawauzapo kuti mbande ija inali yolumikiza, kumunsi ndimu chifukwa mizu yake imapirira, kumtunda lalanje. Kamfundo kaja ndi pomwe ziwirizo zinakumana. Chomwe chinawola ndi mankhusu anga chinali lalanje. Chomwe takhala tikuthirira, kuphimbira ndi kunyadira zaka zonsezi chinali tsinde lake chabe.

ANyaChirwa anayang'ana kunyanja, bambo aang'ono anayang'ana nsapato zawo. Ine ndinakhala ndi chidutswa changa m'manja, ndikudikira mawu omwe ndinawazemba tsiku la khasu lija. Apongozi anatenga chidutswa chawo, anachiika m'kamwa n'kuyamwa pang'onopang'ono mpaka chinatha. Nkhope inakwinyika, m'maso munalengeza misozi, kaya ya ndimu kaya ya china, sindinafunse.

"Ndi iwowo amenewa," anatero. "Lalanje lija likanatinamiza. Ada sanali otsekemera chotero."

Bambo aang'ono ndi amene anayamba kuseka, poti malemuwo anali akulu awo ndipo ankawadziwa bwino. Tonse tinatsatira.

Mtengowo ulipo mpaka lero, wautali kuposa denga la khitchini, ndipo mudzi wonse umadzathyola mandimu a chimfine ndi othira m'thobwa la anthu okonda zowawasa. Kuphimbira sindinasiye. Mpiru wanga ndi tomato kuseri kwa nyumba zimadutsa Okutobala zili zobiriwira, kungoti tsopano ndimasiya mpata pathunthu, sindibisa kanthu ndi mchenga, ndipo ndikamaliza ndimapita kukaima panjira kuti ndione zomwe odutsa aone. Amati safunsa anadya phula. Ine ndimadya ndimu. Chaka chilichonse loyamba kupsa apongozi amalithyola okha, amalidula pakhonde, n'kundipatsa chidutswa choyamba, chopanda mchere, chopanda shuga, maso awo ali pa ine.

"Lawani lalanje la apongozi anu, amkamwana."

Ndimalandira ndi manja awiri, ndimadya mpaka kutha, ndipo nsagwada zikamasuka ndimati yewu.